Kodi zakumwa za gasi zimadya mafupa? Zoona zake ndi izi

Mwina munalandirapo pa WhatsApp kanema wa dzino kapena fupa la nkhuku loviikidwa mu Coca-Cola kwa masiku angapo, ndi uthenga wakuti zomwezo zikuchitika m'thupi mwanu. Ena amati gasi amafewetsa mafupa, ena amati amaboola m'mimba. Chodabwitsa n'chakuti anthu omwewo akamapita kukazonda wodwala kuchipatala, m'jumbo simulephera botolo la Fanta. Ndiye zoona ndi ziti? Mwachidule, gasiyo payekha mlandu wake ndi wochepa. Zofunika kuzitchera khutu ndi shuga, asidi, komanso chakudya chabwino chimene mumasiya chifukwa cha botololo.

Gasiyo ndi chiyani?

Thovu lomwe limatumphuka mukatsegula botolo ndi mpweya wa carbon dioxide, womwewo umene mumatulutsa popuma. Kufakitale amaukanikizira m'madzi mwamphamvu n'kutseka. Njirayi ndi yakale: Joseph Priestley anaipeza ku Leeds, ku England, m'chaka cha 1767. Mukamwa, mpweya wambiri umatuluka pogeya, ndipo wotsalawo umalowa m'magazi n'kutuluka kudzera m'mapapo. Sukakhazikika m'mafupa ayi.

Nanga mafupa?

Kafukufuku amene amatchulidwa kwambiri pa nkhaniyi anatuluka mu 2006. Katherine Tucker ndi anzake a ku Tufts University ku America anapima mafupa a anthu oposa 2,500 a m'kafukufuku wa Framingham, n'kuwafunsa zomwe amamwa. Anapeza kuti amayi omwa kola tsiku lililonse anali ndi fupa la m'chiuno lopepukirapo ndi pafupifupi 4 pa 100 iliyonse poyerekeza ndi amayi omwa mwa apo ndi apo. Kwa abambo kusiyanaku sikunaoneke. Mfundo yofunika kwambiri ndi yakuti zakumwa zina za gasi zomwe si kola sizinasonyeze vutoli. Zikanakhala kuti wolakwa ndi gasi, zonse zikanaonetsa zofanana.

Kola ali ndi zinthu ziwiri zomwe zakumwa zinzake zambiri zilibe: asidi wotchedwa phosphoric acid, ndi caffeine, yemweyo wa mu khofi ndi tiyi. Mu 2001, Robert Heaney wa ku Creighton University anayeza mkodzo wa amayi atamwa zakumwa zosiyanasiyana. Kashiamu, mchere umene umamanga mafupa, ankatayika mowonjezereka pang'ono pokhapokha chakumwa cha gasicho chikakhala ndi caffeine, ndipo kutayikako kunali kochepa. Iye anaona kuti vuto lenileni ndi lakuti chakumwa cha gasi chimalanda malo a mkaka.

Apa ndi pomwe nkhaniyi ikutikhudza kwambiri. Mafupa amakula ndi kulimba kuyambira paubwana mpaka munthu akamayandikira zaka 30. Akadutsa pamenepo, thupi limangosunga zomwe linamanga, ndipo kwa amayi mafupa amayamba kupepuka msanga akasiya kusamba. Munthu wamkulu amafunika kashiamu wokwana pafupifupi mamiligalamu 1,000 patsiku. Mwana wasukulu amene ndalama yake ya nkhomaliro imathera pa Frozy ndi mandasi akuphonya nthawi yomanga mafupa, nthawi imene sidzabweranso.

Mkaka ndi wokwera mtengo kwa mabanja ambiri, koma kashiamu sapezeka mu mkaka mokha. Usipa ndi matemba zili naye wambiri chifukwa timadya ndi minga yomwe. Aliponso mu bonongwe, mawere ndi malambe. Kuti thupi limugwiritse ntchito pamafunika vitamini D, yemwe khungu limapanga likawombedwa ndi dzuwa, ndipo mafupa amalimbanso ndi ntchito monga kuyenda, kuthamanga ndi kulima.

Mano ndiwo amavutika msanga

Kanema wa dzino uja akunama pa za mafupa, chifukwa chakumwa sichikhudzana ndi fupa mwachindunji, komanso impso ndi mapapo zimaonetsetsa kuti asidi asachuluke m'magazi. Koma pa mano pali choonadi ndithu. Mphamvu ya asidi amaiyeza ndi muyezo wa pH, ndipo nambala ikakhala yotsika ndiye kuti asidiyo ndi waukali. Madzi akumwa ali pa 7, kola ali pafupifupi pa 2.5, pomwe chikuto cholimba cha dzino chimayamba kusungunuka pa 5.5. Chikutochi chikatha sichimeranso. Pamwamba pa apo, tizilombo ta m'kamwa timadya shuga n'kupanga asidi wina amene amaboola dzino.

Zakumwa zolembedwa kuti zilibe shuga nazo zili ndi asidi yemweyo, choncho mano sizikuwapulumutsa kwenikweni. Choipa kwambiri ndi kumwa pang'onopang'ono botolo limodzi m'mawa wonse, chifukwa mano amakhala akusambira mu asidi nthawi yonseyo. Ngati mwamwa, imwani pa nthawi ya chakudya, tsukuluzani m'kamwa ndi madzi, ndipo dikirani mphindi zosachepera 30 musanatsuke ndi mswachi, popeza kukwecha dzino lofewa kumalipalanso.

M'mimba

Mimba yanu ili kale ndi asidi wofanana kapena woposa wa mu kola, pa pH ya pakati pa 1.5 ndi 3.5, ndipo ili ndi chikuto choiteteza. Choncho chakumwa cha gasi sichiyambitsa zilonda za m'mimba. Zilonda zambiri zimayamba ndi kachilombo kotchedwa Helicobacter pylori, kamene Barry Marshall ndi Robin Warren a ku Australia analandira nako mphoto ya Nobel mu 2005, kapena ndi kumwa pafupipafupi mankhwala opha ululu monga aspirin, ibuprofen ndi diclofenac. Amene wasiya Coca-Cola koma akupitiriza kugula mapiritsi amenewa pagolosale sabata iliyonse wasiya chinthu cholakwika.

Chimene gasi amachitadi ndi kufufumitsa mimba. Ndiye chifukwa chake mumageya, ndipo ena amamva kutupa kapena chilungulira, makamaka akamwa atakhuta kwambiri kapena atatsala pang'ono kugona. Ngati inu zimakuchitikirani, siyani kwa masabata awiri muone kusintha kwake. Chikhulupiriro chakuti botolo lozizira limathandiza kugaya nsima ndi nyama chimabwera chifukwa kugeya kumapepuza mimba, koma chakudyacho chimagayidwa monga mwa nthawi zonse.

Shuga ndiye wochuluka zedi. Mamililita 100 a Coca-Cola wamba amakhala ndi magalamu oposa pang'ono 10, kutanthauza kuti botolo la mamililita 300 lili ndi masupuni a tiyi pafupifupi 8. Bungwe la World Health Organization linalangiza mu 2015 kuti munthu wamkulu asapyole masupuni 12 patsiku, ndipo ndi bwino koposa kutsikira pa 6. Botolo limodzi ndi tiyi wam'mawa wothira masupuni atatu, mwatsala pang'ono kufika pamalire. Kumwa chonchi tsiku ndi tsiku kumawonjezera chiopsezo cha kunenepa kwambiri ndi matenda a shuga.

Shuga yemweyu ndi amene amapangitsa zakumwazi kukhala zoopsa kwa wotsegula m'mimba, makamaka mwana. Munthu wotere akutaya madzi ndi mchere. Fanta kapena Sprite zili ndi shuga wambirimbiri koma mchere wochepetsetsa, ndipo shuga wochulukayo amakokera madzi m'matumbo, kutsegulako n'kukula. Kuchotsa gasi pokhutchumula botolo sikusintha kanthu. Chofunika ndi Thanzi ORS: paketi imodzi mu lita imodzi ya madzi owiritsa kapena othira mankhwala, kumwetsa pang'onopang'ono, kupitiriza kuyamwitsa ndi kudyetsa, komanso mapiritsi a zinc kwa masiku 10 mpaka 14 kwa mwana. Ngati mwana akulephera kumwa, maso alowa m'kati, wafooka kwambiri, chimbudzi chili ndi magazi kapena chikuoneka ngati madzi otsukira mpunga, pitani naye kuchipatala nthawi yomweyo, mukumumwetsa ORS m'njira.