Ufumu wa Sokoto

Ufumu wa Sokoto unali boma la Chisilamu lomwe linkalamulira kumpoto kwa dziko lomwe lero ndi Nigeria, kufikira madera ena a Niger ndi Cameroon. Unayamba mu 1804 ndi gulu lofuna kuwongola chipembedzo, lotsogozedwa ndi Usman dan Fodio, ndipo unagonja kwa Angerezi mu 1903.

Mbiri

Usman dan Fodio anabadwa mu 1754 ku Maratta, m'dziko la Gobir, lomwe linali limodzi mwa maufumu a Ahausa. Anali Mfulani wa m'banja la aphunzitsi a chipembedzo, wotsatira njira ya Qadiriyya. Kwawo kunali ku Degel, koma ankayendayenda kulalikira m'Chifulani ndi m'Chihausa. Ankadzudzula mafumu chifukwa chosakaniza Chisilamu ndi miyambo ya makolo, oweruza olandira ziphuphu, msonkho wa ng'ombe wotchedwa jangali, ndiponso kugulitsa Asilamu ku ukapolo. Alimi ndi oweta ng'ombe ankakhamukira kwa iye.

Kuchuluka kwa omutsatira kunaopsa mafumu a Gobir. Mfumu Nafata inaletsa amuna kuvala nduwira ndi akazi kufunda kumutu, n'kulamulanso kuti onse amene sanabadwire m'Chisilamu abwerere ku chipembedzo cha makolo awo. Yunfa atalowa ufumu, zinthu zinafika poipa. Mu February 1804 Usman anasamukira ku Gudu, potsanzira msamuko wa Mneneri Muhammad wochoka ku Mecca kupita ku Medina. Ku Guduko anthu ake anamusankha kukhala mtsogoleri wa okhulupirira, ndipo jihadi inayambika. Mu June chaka chomwecho, asilikali otsogozedwa ndi mng'ono wake Abdullahi anagonjetsa Yunfa ku Tabkin Kwotto. Likulu la Gobir, Alkalawa, linagwa mu 1808.

Si Asilamu onse amene anavomereza nkhondoyi. Muhammad al-Kanemi wa ku Bornu analemberana makalata ndi Muhammad Bello, mwana wa Usman, kumufunsa chifukwa chimene ankathirira nkhondo anthu amene amapemphera ndi kusala ngati iye yemwe.

Bello anamanga mzinda wa Sokoto mu 1809. Mu 1812 Usman anagawa ulamuliro pawiri: kumadzulo anapatsa Abdullahi, kummawa anapatsa Bello. Mwiniwakeyo anabwerera ku zophunzitsa ndi zolemba mpaka imfa yake mu 1817. Angerezi motsogozedwa ndi Frederick Lugard analanda Kano ndi Sokoto kumayambiriro kwa 1903, ndipo Sultan wa Sokoto, Attahiru, anaphedwa ku Burmi mu July chaka chomwecho.

Kayendetsedwe ka boma

Akuluakulu a nkhondo ankalandira mbendera kwa Usman monga chilolezo chokagonjetsa dera, ndipo opambanawo ankakhala ma emir. Iwo ankatumiza mitulo ku Sokoto kapena ku Gwandu, likulu la chigawo cha kumadzulo, milandu n'kumaweruzidwa potsata Sharia. Ngakhale gululi linadzudzula kugwira Asilamu ukapolo, minda yambiri ya ufumuwu inkalimidwa ndi akapolo ogwidwa kwa anthu a zipembedzo zina.

Mayina ndi zotsalira

Kumpoto kwa Nigeria, munthu akangoti Shehu osawonjezera dzina lina, ambiri amadziwa kuti akunena Usman. Manda ake ku Sokoto amatchedwa Hubbare, ndipo anthu amapitako kukapemphera. Yunivesite ya mumzindawo ndi Usmanu Danfodiyo University. Dera la Adamawa, lomwe lili mbali zonse ziwiri za malire a Nigeria ndi Cameroon, linatenga dzina kwa Modibbo Adama, mmodzi mwa olandira mbendera aja.

Dzina lina losaiwalika ndi la mwana wamkazi wa Usman, Nana Asma'u (1793–1864), yemwe ankalemba ndakatulo m'Chiarabu, m'Chifulani ndi m'Chihausa. Iye anaphunzitsa amayi otchedwa jaji, amene ankayenda m'midzi kuphunzitsa amayi anzawo kudzera m'ndakatulo zoloweza pamtima. Jaji aliyense ankavekedwa chipewa chachikulu choluka chotchedwa malfa, chokulungidwa ndi nsalu yofiira, kuti kulikonse kumene wafika adziwike kuti watumidwa. Ophunzira awo ankatchedwa 'yan taru.

Mpando wa Sultan ulipobe, ndipo Muhammad Sa'ad Abubakar wakhalapo kuyambira 2006. Akatswiri ena a mbiri yakale amaona kuti chitsanzo cha Sokoto chinalimbikitsa Seku Amadu wa ku Massina ndi Umar Tal kukhazikitsa maboma awo a Chisilamu.