Ndani Amalipira Ndege Ikapanda Kunyamuka?

Pa 30 Malichi 2020 kampani ya easyJet idaimitsa ndege zake zonse, zoposa 300, patangopita masabata osakwana atatu bungwe la WHO litalengeza kuti Covid-19 ndi mliri wa dziko lonse. Chaka chimenecho chisanathe, chiwerengero cha okwera ndege padziko chidatsika kuchoka pa 4.5 biliyoni mu 2019 kufika pa 1.8 biliyoni, malinga ndi bungwe la ICAO. Nkhani imeneyi imakambidwa kawirikawiri ngati tsoka la makampani a ndege, ndipo makampaniwo lidawakhudzadi. Koma tsiku limene ndegezo zidaima, anthu mamiliyoni ku Ulaya anali atalipira kale maulendo a tchuthi cha Pasaka ndi cha nyengo yotentha, ndalama zawo zili m'mabanki a makampani omwewo. Ine ndikuona kuti mbiri ya ndege zotchipa ndi mbiri ya mmene katundu wa chiopsezo adasamukira pang'onopang'ono kuchoka pamutu pa kampani kupita pamutu pa wokwera. Mliri sudayambitse zimenezi. Udangochititsa kuti aliyense amve kulemera kwa katunduyo tsiku limodzi.

Zaka za m'ma 1970 zisanafike, mitengo ya matikiti a maulendo a m'maiko inkagwirizanidwa ndi makampani akuluakulu kudzera m'bungwe la IATA, maboma n'kuvomereza, ndipo wogwira ntchito m'fakitale ku Manchester sakadakwanitsa. Njira imene adafikira pa gombe la nyanja ya Mediterranean inali ina: tchuthi chogulitsidwa chonse pamodzi, ndege, malo ogona ndi chakudya pa mtengo umodzi. Vladimir Raitz ndiye amatchulidwa kuti adatsegula njirayi mu 1950 pomwe kampani yake ya Horizon idatengera anthu ku chilumba cha Corsica kukagona m'matenti. Malondawo adakula mofulumira kuposa ndalama zimene zinali kumbuyo kwake. Mu Ogasiti 1974, tchuthi chili pakati, kampani ya Court Line idagwa pamodzi ndi Clarksons, ndipo anthu oposa 40,000 adasowa chowabweza kwawo. Ndondomeko ya ziphaso za ATOL, yokakamiza ogulitsa tchuthi kusungitsa ndalama zotetezera makasitomala, inali itangoyamba mu 1973, ndipo ndalamazo sizidakwane. Boma la Britain lidakhazikitsa thumba lina lapadera chaka chotsatira. Chofunika kugwira pano n'chakuti chitetezo chimenecho chidamangiriridwa pa tchuthi chogulitsidwa pamodzi. Wogula tikiti yokha mwachindunji ku kampani ya ndege sichimufika.

Ndege zotchipa zidabadwa ndi kusintha kwa malamulo, ngakhale eni ake amakonda kuifotokoza nkhaniyi ngati ya nzeru zawo zokha. Southwest idayamba kuuluka mu Juni 1971 pakati pa Dallas, Houston ndi San Antonio, ndipo idatha kutsitsa mitengo chifukwa sinkatuluka m'chigawo cha Texas, kotero bungwe la boma la America loika mitengo lidalibe mphamvu pa iyo. Freddie Laker adalimbana ndi akuluakulu a boma zaka zisanu ndi chimodzi asanaloledwe kuyendetsa Skytrain kuchoka ku London kupita ku New York mu Seputembala 1977 pa mapaundi 59, ndipo kampani yake idagwa mu Febuluwale 1982. America idamasula msika wake wa m'dziko mu 1978. Ku Ulaya zidachedwa. Ryanair idayamba mu 1985 ndi kandege ka anthu 15 pakati pa Waterford ndi London Gatwick, ndipo idatsala pang'ono kufa ndi ngongole isanatengere kachitidwe ka Southwest motsogozedwa ndi Michael O'Leary. Kampani ya easyJet, ya Stelios Haji-Ioannou, idanyamuka ku Luton mu Novembala 1995 kupita ku Glasgow ndi Edinburgh pa mapaundi 29. Koma chimene chidawatsegulira khomo onsewa ndi malamulo a European Union a 1993, omwe adamalizika kugwira ntchito mu 1997, olola kampani ya dziko lililonse la mgwirizanowo kuuluka kulikonse mkati mwake pa mtengo umene yafuna. Wizz Air idayamba maulendo mu Meyi 2004, mwezi womwewo Poland ndi Hungary zidalowa mu mgwirizanowo.

Gawo lina la kutchipako ndi loona ndipo ndi loyenera kulitamanda. Kampani yokhala ndi mtundu umodzi wa ndege imaphunzitsa oyendetsa ndi amakaniko kamodzi kokha. Ndege imene imatera n'kunyamukanso pasanathe theka la ola imapanga maulendo ambiri patsiku. Mabwalo ang'onoang'ono a kutali ndi mzinda amalipiritsa zochepa, ndipo kugulitsa pa intaneti kumachotsa ndalama ya mkhalapakati. Zonsezi ndi kupulumutsa ndalama kwenikweni. Koma gawo lina la kutchipako lidachokera pa kuphwasula mtolo umene kale kampani inkanyamula. Tikiti yotsika mtengo siibwezedwa ndalama. Sutikesi, mpando ndi kusintha tsiku zili ndi mitengo yakeyake. Ukachedwa ndi ndege yoyamba n'kuphonya yachiwiri, ndi zako, chifukwa matikitiwo sagwirizana. Hotela wadzipezera wekha, ndipo mwini hotelayo sadziwana ndi kampani ya ndege. Koposa zonse, mtengo wabwino umapezeka kwa wolipira miyezi ingapo ulendo usanafike, kutanthauza kuti wokwera amabwereketsa kampani ndalama popanda chiwongoladzanja ndiponso popanda chikole. Masiku a mtendere palibe amaona kuti ndi ngongole. Kampani ya Monarch itagwa mu Okutobala 2017, anthu pafupifupi 110,000 anali kunja, ambiri mwa iwo opanda chitetezo cha ATOL, ndipo boma la Britain lidakonza zowabweza kwawo, makamaka ndi ndalama za msonkho. Kafukufuku amene bomalo lidalamula adapereka maganizo mu 2019 oti pa tikiti iliyonse pawonjezedwe kandalama kochepa kotetezera okwera. Mliri udafika maganizowo asanasanduke lamulo.

Miyezi yoyamba ya mliri, lamulo lidali kumbali ya wokwera. Lamulo la European Union nambala 261 la 2004 limati kampani ikathetsa ulendo ibweze ndalama pasanathe masiku asanu ndi awiri. Makampani ambiri, otchipa ndi odula omwe, adayamba kupereka makuponi oti munthu adzakwere nawo m'tsogolo, ndipo ofuna ndalama zenizeni adadikira miyezi. Maboma angapo adapempha kuti lamuloli lifewetsedwe, koma mu Meyi 2020 European Commission idanena kuti kuponi iperekedwe kwa woivomera yekha. Ngakhale zinali choncho, kuchedwako kudagwira ntchito yake: pa nthawi imene makampani ankafuna ndalama koposa, ndalama za makasitomala, ena mwa iwo atachotsedwa ntchito, zidakhala m'manja mwa makampaniwo.

Pamene nkhaniyi ikuonekera bwino ndi pa gawo lachiwiri, ndege zitayambiranso. Mu Julayi 2020 boma la Britain lidatsegula maulendo opita kumaiko ena osafuna m'bindikiro pobwera, Spain ili m'gulumo. Madzulo a pa 25 Julayi lidalengeza kuti kuyambira pakati pa usiku womwewo aliyense wochokera ku Spain adzibindikiritse masiku 14. Kampani ya TUI, yogulitsa tchuthi chonse pamodzi, idathetsa maulendo a kumtunda kwa Spain, ndipo makasitomala ake anali ndi ufulu wobwezeredwa. Ndege zotchipa zidapitiriza kuuluka. Ndiye taganizirani mabanja awiri a mumsewu umodzi, onse opita ku Alicante sabata imodzi: lina ndalama zake zabwerera, lina lauzidwa kuti ndege ilipo, kukwera kapena kusakwera ndi kufuna kwake. Lamulo la 261 lidalembedwera ndege imene yalephera kunyamuka, osati munthu amene waletsedwa kuyenda. Nthawi ya m'bindikiro wa m'nyengo yozizira ku Britain, pamene kupita kutchuthi kunja kunali kuphwanya lamulo, ndege zina zinkaulukabe ndipo matikiti ankapsa. Mu Juni 2021 bungwe loona za mpikisano pa malonda ku Britain, la CMA, lidayamba kufufuza Ryanair ndi British Airways pa nkhani yomweyi, koma mu Okutobala lidasiya, ponena kuti lamulo silinena momveka bwino kuti anthu otere ayenera kubwezeredwa. Pakati pa zonsezi kuitana makasitomala sikudaleke. Mu Febuluwale 2021 bungwe loyang'anira zotsatsa malonda lidaletsa uthenga wa Ryanair wolimbikitsa anthu kugula matikiti pa chiyembekezo cha katemera, ndipo miyezi ingapo pambuyo pake Portugal, imene idatsegulidwa pa 17 Meyi, idachotsedwa pa mndandanda wa maiko opitako momasuka pa 8 Juni, anthu n'kulimbirana mipando yobwerera pa mitengo yokwera.

Wina anganene kuti walira mvula walira matope: wogula tikiti ya mapaundi 20 amadziwa chimene akugula, ndipo ndi munthu wamkulu. Anganenenso kuti ndege zimenezi zidachita chinthu chachikulu, pakuti mwana wa woyendetsa basi adaona Rome, ndipo mmisiri wa ku Katowice wogwira ntchito ku Luton adatha kukaona amayi ake kangapo pachaka. Mfundo yachiwiriyi ndikuivomera ndi mtima wonse, ndipo sindikufuna kuti dziko libwerere ku nthawi imene ndege inali ya mabwana okha. Koma yoyambayo ili ndi bowo. Munthu angavomere chiopsezo chimene ali ndi mphamvu yochipewa kapena chimene angathe kuchiwerengera, monga kudwala kapena kusintha maganizo. Kutsekedwa kwa malire pa chidziwitso cha maola ochepa palibe banja lingathe kukuwerengera, ndipo inshuwalansi yambiri ya paulendo idaleka kulipira zokhudza mliriwu utangoyamba. Chiopsezo chotere chimapepuka chikagawidwa pa matikiti mamiliyoni, monga ATOL imachitira ndi mapaundi awiri ndi theka pa munthu aliyense. Chikasiyidwa pa banja limodzi chimadya ndalama zimene lidasunga chaka chonse.

Chotsutsa china ndi cholemera kuposa pamenepo. Amene adatseka malire ndi maboma, ndipo makampani akale a maiko ndiwo adalandira chithandizo chachikulu: Lufthansa mayuro 9 biliyoni, Air France 7 biliyoni. Ryanair idatengera nkhani zimenezi kukhothi la European Union, ndipo mu 2023 khothilo lidathetsa chilolezo cha chithandizo cha Lufthansa. Thomas Cook, kampani ya tchuthi chogulitsidwa pamodzi, idagwa mu Seputembala 2019 mliri kulibe. Zonsezi n'zoona, ndipo zikusonyeza kuti vutoli si la khalidwe la makampani otchipa okha. Koma kunena kuti iwo adadutsa mliri ndi mphamvu zawo zokha n'kuiwala zina. Ryanair ndi easyJet zidabwereka mapaundi 600 miliyoni iliyonse kudzera mu ndondomeko ya Bank of England, ndipo easyJet idagawira eni masheya mapaundi 174 miliyoni mu Malichi 2020 womwewo. Oyendetsa ndege a Ryanair adavomera kudulidwa malipiro ndi 20 peresenti kuti ntchito isathe, ndipo easyJet idalengeza kuti ichotsa antchito ofika 4,500. Mu Disembala 2020, ena akulira, Ryanair idaonjezera ndege 75 za Boeing 737 MAX pa zimene idaitanitsa kale. Okwera ake adatsika kuchoka pa 149 miliyoni kufika pa 27.5 miliyoni m'chaka chimodzi, koma pofika chaka chothera mu Malichi 2023 anali oposa 168 miliyoni. Kupirira kumeneku ndi kwenikweni, ndipo mbali ina ya mtengo wake idalipiridwa ndi antchito, okhometsa msonkho ndi okwera.

Kuno kum'mwera kwa Africa tidalawako mbali yathu. Asayansi a ku Botswana ndi South Africa atalengeza za mtundu wa Omicron mu Novembala 2021, Britain idaika maiko a chigawo chino pa mndandanda wofiira wa ziletso za maulendo, ndipo Malawi, Zambia ndi Mozambique zidaonjezedwa pa 28 Novembala. Lazarus Chakwera, yemwe panthawiyo anali Pulezidenti wa Malawi komanso wapampando wa SADC, adadzudzula ziletsozo kuti zidachokera pa kuopa Africa osati pa sayansi. Mndandandawo udathetsedwa pa 15 Disembala, koma namwino wa ku Leeds amene anali atabwera kumudzi kudzaona abale adafunika kulipira mapaundi 2,285 a hotela ya m'bindikiro pobwerera. Palibe ndege yotchipa yochoka ku London kutera ku Lilongwe, koma funso la amene asenze zotayikazo lidayankhidwa chimodzimodzi. Ndipo pamene maiko a African Union akukankha msika umodzi wa ndege umene adaukhazikitsa mu Januwale 2018, umene ndikukhulupirira kuti ungatsitse mitengo yathu yokwera mopweteka, mbiri ya ku Ulaya ikupempha kuti lamulo loteteza ndalama za wokwera lilembedwe pamodzi ndi lotsegula msika. South Africa, kumene Achewa ambiri amagwira ntchito, idakhala ndi ndege zotchipa kuyambira 2001 pomwe Comair idayambitsa kulula.com. Mango idaima mu Julayi 2021 ndipo sidaulukenso. Comair, yomwe idakhala zaka zoposa 70 pa ntchitoyi, idaimitsa ndege zake kumayambiriro a Juni 2022, ndipo patangopita masabata awiri khothi lidalamula kuti katundu wake ayambe kugulitsidwa, ambiri okhala ndi matikiti osakwera n'kulowa pamzere wa anthu amene kampaniyo inali nawo ngongole.