Mwezi wa Thangata Sunkatha

Tsiku lina ndili pa doko la Kachulu kudikira bwato lopita ku Chisi, ndidacheza ndi bambo wina wa pa chilumbapo amene ankabwerera kwawo ndi kachikwama kamodzi basi. Adagwira ukalaliki pa esiteti ina kwa zaka 9. Bwana watsopano atafika, adangomuuza kuti kuyambira mawa akhale mlonda, malipiro nkuwadula. Atapirira miyezi iwiri adangonyamuka.

"Nanga ndikadatani, achimwene?" adatero bamboyo. "Ntchito ndi ya eni ake."

Mau amenewa si a lero. Agogo athu adawanenapo pa nthaka yomwe ino.

Kum'mwera kwa Zomba, osati patali kwenikweni ndi nyanja ya Chilwa, kuli Magomero. M'nthawi ya atsamunda malowa adali esiteti ya A. L. Bruce, ndipo woyang'anira wake adali William Jervis Livingstone. Cha m'ma 1900 Alomwe ambiri ankalowa m'dziko muno kuthawa njala ndi nkhanza za Apwitikizi ku Mozambique. Pokhala alendo opanda munda, adakhala pa malo a azungu, ndipo lendi yake idali ntchito. Dzina adalipatsa lokoma: thangata, liwu limene kumudzi limatanthauza kuthandizana. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Pa mau, munthu ankayenera kugwira mwezi umodzi wa lendi ndi wina wa msonkho wa nyumba. Koma wowerenga masiku adali kapitawo. Ukalephera kumaliza ndime, tsikulo silinkalembedwa. Motero mwezi unkatalika ngati mphira, anthu nkumalima thonje la mzungu nyengo yonse ya dzinja, minda yawo ikumera thengo. M'malo mwa ndalama ena ankalandira fodya. Amayi amasiye nawonso ankawagwiritsa ntchito. Wodandaula ankamuonetsa msewu.

Taonani bwino: palibe adaimirira nkulengeza kuti malipiro atsika. Ankangosintha pangano mbali imodzi, podziwa kuti winayo alibe kolowera.

Anthu ambiri a ku Magomero ankapemphera kwa Mbusa John Chilembwe ku Mbombwe, ndipo Livingstone adawotchetsa matchalitchi awo a pa esitetipo. Usiku wa pa 23 Januwale 1915 anthu a Chilembwe adapha Livingstone m'nyumba mwake. Pa 3 Febuluwale Chilembwe naye adawomberedwa. Bungwe lofufuza limene boma lidakhazikitsa lidavomereza kuti Livingstone ankazunza antchito, koma thangata sadathe. Lamulo la 1928 lidalola kuti lendi ilipidwe ndi ndalama, mbewu kapena ntchito, komabe lidasiyira eni malo mphamvu yothamangitsa anthu. Mu 1953 ku Thyolo kudabuka zipolowe, nkhani yake ya malo ndi lendi yomweyo. Thangata adathetsedwa mu 1962.

Ufulu utabwera mu 1964, wantchito sadapeze pakamwa msanga. Mabungwe a antchito adaikidwa m'khwapa mwa chipani, ndipo wofunsa za malipiro ankaopa kutchedwa woukira. Mantha adasweka mu Meyi 1992, pamene antchito a ku David Whitehead ku Blantyre adanyanyala ntchito, anzawo a m'makampani ena nkutsatira. Apolisi adawombera, anthu adafa m'misewu.

Zimene zili m'mabuku a malamulo lero zidadza pambuyo pa magazi amenewo. Gawo 31 la malamulo aakulu a dziko a 1994 limati munthu aliyense ayenera kugwiritsidwa ntchito mwachilungamo ndi kulandira malipiro oyenera. Lamulo la 1996 lidakhazikitsa bwalo loweruza milandu ya pa ntchito. Lamulo la za ntchito la 2000 limavomera kuti bwana angathe kutsitsa munthu pa udindo ngati chilango, koma pakhale chifukwa chomveka, ndipo wosakhutira angathe kukadandaula kwa mkulu wa leba. Limaletsanso bwana kulipitsa wantchito chindapusa. Gawo 60 limapitirira apo: ngati zochita za bwana zafika poti munthu sangapitirize ntchito, angathe kuisiya, ndipo lamulo limaona ngati wachita kuchotsedwa. Dandaulo lotere lifike ku ofesi ya leba ya pa boma pasanathe miyezi itatu.

Ndidamufotokozera bambo uja zimenezi bwato likudula madzi pakati pa mabango. Adawerenga pa zala, napeza kuti miyezi yake idali isanathe.

"Ndiye kuti ndingathe kukawasumira?"

Ndidati inde, koma asunge kalata iliyonse ndi timapepala ta malipiro, popeza kapitawo wa ku Magomero ankapambana chifukwa cholembera chidali m'manja mwake yekha.

Agogo athu adalibe bwalo lokadandaulako, ife tili nalo. Mbewa ya manyazi idafera kuuna. Titafika pa Chisi, bamboyo adafunsa mwini bwato nthawi imene adzanyamukire Lolemba m'mawa.