Ntchito ku Joni, Banja ku Embangweni

Aphunzitsi anzanga ndi inu amene ndinakuphunzitsani, tsiku lina ndikuchonga mayeso pakati pa usiku, mayi a kunyumba anandifunsa ngati ndinakwatira iwo kapena makope a ana. Funsoli linanditumiza ku mabuku.

Mu 1960 Harold Wilensky wa ku America anafotokoza kuti za kuntchito zimasefukira kunyumba, apo ayi munthu amakafuna kunyumba chimwemwe chimene ntchito yam'mana. Ena amati ntchito imathera pageti. Mu 2000 Sue Campbell Clark anati wantchito ali ngati munthu wodutsa malire a maiko awiri tsiku lililonse.

Tsiku lililonse! Apa mpamene ndinaseka. Onsewa akuganiza za munthu wogona pakhomo pake. Nanga agogo athu?

Angoni a M'mbelwa analowa mu ulamuliro wa Angerezi mu 1904, msonkho n'kutsatira. Kuno kunalibe minda ya azungu ngati ku Thyolo, tsono amuna a ku Embangweni, Edingeni ndi Mabulabo ankakasaka ndalama ku Rhodesia ndi ku Joni, ambiri wapansi. Komiti ya Lacey inapeza mu 1935 kuti amuna a Nyasaland pafupifupi 120,000 anali kunja. Wopita pa Wenela ankagona m'komponi ya amuna okhaokha, mkazi saloledwa, ndipo gawo la malipiro ankadzalandirira kuno kumudzi. Malire ake ankawadutsa kamodzi pa chaka ndi theka kapena zaka ziwiri. Amene sanawadutsenso ndiwo matchona aja.

Margaret Read, amene anakhala pakati pa Angoni, analemba mu 1942 kuti midzi yotsata kuchimuna inkapirira kusowa kwa amuna kuposa yachikamwini, poti mkazi ankatsala pakati pa abale a mwamuna. Zoona ndithu, koma ine ndimati chimene chinkapirira ndi mudzi. Mayi wolima yekha, wolera yekha, wodikira kalata, nkhani yake inali ina.

Pa 4 April 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown, n'kupha Amalawi 74 obwerera kwawo. Kamuzu analetsa ulendowu. Unayambanso mu 1977 pansi pa TEBA, n'kutha mu 1988 pa mkangano woyeza HIV.

Ulendo wa ku Joni wokha sunathe. Ena a inu mukuwerenga izi muli ku Johannesburg kapena Cape Town, mukulera ana pa WhatsApp. M'kalasi mwanga ndikafunsa amene bambo awo ali kumeneko, manja amakwera ambiri, ndipo pa fomu ya sukulu amasaina ndi agogo.