Guanyin: kalonga wa ku India amene anasanduka mayi

Anthu a ku Neno amene amadutsa pa Zalewa kupita ku Blantyre mwina anamvapo za Amitofo, malo olererako ana amasiye ku Mapanga, omwe anayambitsidwa ndi Hui Li, mmonke wa Chibuda wochokera ku Taiwan. Dzina loti Amitofo ndi la Buddha Amitabha. Amisiri akale ankamusema wamng'ono kwambiri, atakhala pachisoti cha Guanyin, mwini chifundo, ndipo kachifanizo kameneka ndi kamene akatswiri amayamba kufunafuna akapatsidwa chosema chakale kuti anene kuti ndi yani.

Ku India, komwe Guanyin anachokera, ankatchedwa Avalokiteshvara, ndipo anali mwamuna wovala ngati kalonga. Buku la Lotus Sutra, limene Kumarajiva anamasulira m'Chitchaina mu 406, limaphunzitsa kuti iye amamva kulira kwa anthu ndipo amawafikira m'maonekedwe alionse. Osema a ku China anapezerapo danga. Mu ulamuliro wa mafumu a Song (960–1279) nkhope yake inali itayamba kufewa, ndipo m'kupita kwa zaka anthu wamba anangomutenga kukhala mayi.

Chosema chamtengo chotchuka cha m'zaka zimenezo chili ku Nelson-Atkins Museum, mumzinda wa Kansas City. N'chachitali mamita oposa awiri, chopakidwa utoto ndi golide. Guanyin wakhala pathanthwe, bondo lamanja m'mwamba, mkono wautsamiritsa pabondopo, mwendo wina ukulendewera. Sakuoneka wopupuluma ayi. Wakhala monga amakhalira agogo pakhonde, okonzeka kumva dandaulo lonse mpaka lithe, ndipo kwa ine luso la mmisiriyo lagona pamenepo kuposa pagolideyo. M'zosema zina amanyamula nsupa ya madzi ndi nthambi ya msondodzi yowazira odwala. Kwina ali ndi mikono 1,000, chikhatho chilichonse chili ndi diso, kuti dzanja lothandiza liziona kumene likupita.

Ku Japan amamutcha Kannon. Boma litaletsa Chikhristu mu 1614, Akatolika obisala ankasunga zifanizo za Kannon atanyamula khanda, zambiri zoumbidwa ku China, n'kumapemphera kwa Maria kudzera mwa izo mpaka chiletsocho chinachotsedwa mu 1873. Mkatolika wa ku Neno, kumene ansembe a Montfort anatsegula mishoni mu 1906, ataona chimodzi mwa zifanizozi sangafunse kawiri kuti mayiyo ndi ndani, ndipo asilikali ofufuza m'nyumba za ku Nagasaki nawonso sankafunsa, poganiza kuti ndi Kannon wawo yemwe.