Mpando Wachifumu ndi Guwa Lansembe: Mbiri ya Ufumu wa Muad'Dib m'Nthano za Frank Herbert

M'chaka cha 1965 ku America kudatuluka buku la nthano lotchedwa Dune, lolembedwa ndi Frank Herbert. Ofalitsa mabuku oposa 20 adaalikana, kufikira pamene kampani ya Chilton, yodziŵika ndi mabuku ophunzitsa kukonza galimoto, idalilandira. M'chaka chomwecho, pa 7 December, Msonkhano Waukulu wa Vatikano Wachiŵiri udalengeza chikalata cha Dignitatis Humanae chonena za ufulu wa munthu pa nkhani ya chipembedzo. Zolembedwa ziŵirizi sizidziŵana, koma funso limene zikulimbana nalo ndi limodzi: chimaoneka nchiyani pamene mphamvu za boma ndi mphamvu za chipembedzo zigwera m'dzanja limodzi? M'nkhani ino tilondola mbiri ya ufumu wopeka wa Herbert monga momwe tingalondolere mbiri ya ufumu weniweni, pakuti nthano yabwino imatiwonetsa nkhope yathu imene mbiri yathu tomwe imatibisira.

Mlembi ndi ntchito yake

Herbert adabadwira ku Tacoma m'chaka cha 1920 ndipo adamwalira m'chaka cha 1986. Adali mtolankhani. M'chaka cha 1957 adapita ku Florence, m'chigawo cha Oregon, kukaona momwe akatswiri a zaulimi ankabzalira udzu kuti aimitse milu ya mchenga imene inkakwirira misewu. Nkhani imene adapitira sidasindikizidwe, koma maganizo a chipululu adamkhala mumtima. Adalemba mabuku asanu ndi limodzi a mbiri ya ufumuwu, lomaliza m'chaka cha 1985. Mwana wake Brian adafotokoza kuti Herbert ali wamng'ono, abale a amai ake, amene adali Akatolika olimbikira ochokera ku mabanja a ku Ireland, adayesetsa kumphunzitsa chikhulupiriro chao. Atakula sadakhale mu Eklezia, koma zimene adaona ndi kumva sizidamchoke. Nchifukwa chake m'mabuku ake tikumanamo ndi masisitere, amai aakulu a chipani, amishoni ndi Baibulo.

Ufumu wa mafuwa atatu

Nthanoyi ichitika zaka zikwizikwi m'tsogolo, anthu atabalalika nakakhala pa maiko ambirimbiri ozungulira nyenyezi zakutali. Mbiri yao iyamba ndi nkhondo yaikulu yotchedwa Butlerian Jihad, pamene anthu adaphwanya makompyuta ndi makina onse oganiza, naika lamulo lopatulika loletsa kupanganso makina ofanana ndi nzeru za munthu. Nkhondoyo itatha, akuluakulu a zipembedzo adasonkhana nagwira ntchito zaka 7 kuti aphatikize zikhulupiriro zao m'buku limodzi, Orange Catholic Bible. Ankayembekeza mtendere, koma zipolowe zimene zidabuka chifukwa cha ntchito yao zidapha anthu okwana 80 miliyoni. Apa Herbert watichenjeza kale kuti umodzi wokonzedwa ndi akatswiri pa tebulo, anthu wamba osaufunsa, suchedwa kusanduka mkangano.

Ufumu umene udabadwa pambuyo pake udakhala zaka zoposa 10,000, wokhazikika ngati mphika pa mafuwa atatu. Fuwa loyamba lidali Mfumu Yaikulu ya banja la Corrino, imene mphamvu zake zidali mwa asilikali oopsa otchedwa Sardaukar, oleredwa mwankhanza pa dziko la ndende la Salusa Secundus. Fuwa lachiŵiri lidali Landsraad, bwalo la mabanja aakulu olamulira maiko. Lachitatu lidali Spacing Guild, bungwe lokhalo lokhala ndi zombo zotha kuyenda pakati pa nyenyezi. Chuma chonse chinkadzera m'kampani imodzi ya CHOAM. Anthu wamba adali ogaŵidwa m'magulu osasinthika: wobadwa mlimi ankafa mlimi, wobadwa kapolo ankafa kapolo.

Moto wa pansi pa mphikawo udali mankhwala otchedwa melange. Mankhwalaŵa ankatalikitsa moyo, ndipo oyendetsa zombo sakadatha kupeza njira popanda iwo. Ankapezeka pa dziko limodzi lokha, Arrakis, chipululu chopanda mvula, chodzala ndi nyongolotsi zikuluzikulu zoyenda pansi pa mchenga. Olamulira a ufumuwu sadali anthu opemphera. Kwa iwo chipembedzo chidali chida chabe chogonetsera anthu wamba.

Chipembedzo chofesedwa ngati mbeu

Amene adachidziŵa bwino chida chimenechi ndi a Bene Gesserit, chipani cha akazi ophunzira kwambiri amene ankatumikira m'nyumba za mafumu ngati alangizi ndi akazi apambali. Kwa mibadwo yambiri ankasankhira mabanja aakulu maukwati mobisa, pofuna kuti potsiriza pabadwe munthu wotha kuona zakale ndi zam'tsogolo, amene iwo adzamgwire m'manja. Adalinso ndi nthambi yotchedwa Missionaria Protectiva. Ntchito yake idali kupita kwa mitundu yosauka ndi kufesa pakati pao maulosi ndi nthano za mpulumutsi, kuti mlongo wao aliyense akadzapezeka pa mavuto kumeneko, adzangotchula mau oyenera, anthu nkumlandira ngati wotumidwa ndi Mulungu. Amishoni ameneŵa sankakhulupirira zimene ankalalika. Ankatchera msampha kuti adzawonjole patapita zaka mazana.

Pa Arrakis mbeuyo idagwera pa nthaka yachonde. Eni dzikolo, a Fremen, adali zidzukulu za anthu othaŵa, opirikitsidwa kuchokera dziko lina kunka lina chifukwa cha chipembedzo chao. Madzi adali osoŵa kotero kuti munthu akafa ankachotsa madzi a m'thupi mwake nkuwabwezera ku fuko. Banja la Harkonnen, limene lidapatsidwa dzikolo kuti lizikumba melange, linkawasaka ngati nyama. Anthu otere sasoŵa wowaphunzitsa kulira mpulumutsi. Kulira kwao kudali koona, ngakhale ulosi umene adapatsidwa udali wopeka.

Nkhondo ya Muad'Dib

M'chaka cha 10,191, poŵerenga monga mwa ufumuwo, Mfumu Shaddam IV idapereka Arrakis kwa Leto wa banja la Atreides, pamene mseri idapangana ndi a Harkonnen kuti amuphe. Leto adaphedwadi. Mwana wake Paul, wa zaka 15, adathaŵira m'chipululu pamodzi ndi amai ake Jessica, amene adali wa Bene Gesserit. Jessica adazindikira maulosi a chipani chake pakamwa pa a Fremen, nawagwiritsa ntchito kuti apulumuke. Paul adalandira dzina la Muad'Dib, ndipo anthu adayamba kumutcha Mahdi. Patapita zaka zochepa adagonjetsa Shaddam, naopseza kuti aononga melange yense. Bungwe la zombo lidagwada, mafuwa onse atatu adagubuduka, ndipo Paul adakhala Mfumu Yaikulu ndi mutu wa chipembedzo nthaŵi imodzi.

Oŵerenga ambiri amaimira pomwepa nkuomba m'manja, koma Herbert sadaimire pamenepa. Paul ankaona zam'tsogolo. Adadziŵa kuti kukwezedwa kwake kudzabala nkhondo yachipembedzo, ndipo adaona bwenzi lake Stilgar, mtsogoleri wolimba mtima wa a Fremen, akusanduka wompembedza ndi kuchepa pa umunthu wake. Komabe adafuna kulipsira atate ake, ndipo njira yachidule idali ulosi uja. Buku lachiŵiri, Dune Messiah la chaka cha 1969, liyamba patapita zaka 12. Paul mwini aŵerenga zipatso za ufumu wake: anthu 61 biliyoni aphedwa, maiko 90 aseseratu opanda chamoyo, ndipo zipembedzo 40 zafafanizidwa pamodzi ndi ozitsata. Moto umapita kumene kwatsala tchire. Amene adauyatsa sadathenso kuuzima, chifukwa asilikali ake sankamveranso munthu Paul koma dzina la Muad'Dib.

Ansembe a boma

Nkhondo itazirala, chipembedzo chidasanduka ofesi. Ansembe otchedwa Qizarate adakhala akalaliki a boma, oyang'anira maiko ogonjetsedwa ndi azondi. Amwendamnjira mamiliyoni ankakhamukira ku mzinda wa Arrakeen, amalonda nkumawadyera ndalama. Korba, amene kale adali msilikali wokhulupirika wa Paul, atakhala mkulu wa ansembe adaloŵa m'chiwembu chofuna kumupha, poona kuti mpulumutsi wakufa ndi wosavuta kumlamulira kusiyana ndi wamoyo. Paul adachititsidwa khungu ndi chida cha adani, ndipo mkazi wake Chani atamwalira pobereka mapasa, iye adatsata mwambo wa a Fremen wonena za akhungu, naloŵa yekha m'chipululu.

M'buku lachitatu, la chaka cha 1976, abwerako ngati Mlaliki wakhungu wosadziŵika, wodzudzula chipembedzo chomangidwa pa dzina lake lomwe. Aphedwa pa bwalo la kachisi ndi mmodzi wa ansembe ake. Mwana wake Leto II apitirira pamenepo: adzisandutsa mulungu nalamulira zaka 3,500, naletsa maulendo, natentha olemba mbiri pa milu ya mabuku ao. Cholinga chake, monga anenera mwini, nchakuti anthu atope ndi goli kotero kuti asadzaperekenso ufulu wao kwa munthu mmodzi. Ngati mankhwala ali otere, tiyenera kufunsa ngati saposa nthenda.

Zimene mbiri yeniyeni itiuza

Tikaunika bwino, tiona kuti chimene chidasoŵa mu ufumu wa Muad'Dib si mapemphero kapena akachisi. Chidasoŵa ndi munthu wokhala ndi ufulu wouza mfumu kuti yalakwa. Makolo adati wakutsina khutu ndi mnansi, koma mfumu imene ili mulungu ilibe mnansi. Davide adali ndi Natani. Paul Atreides adayenera kuvula ufumu ndi kuchita khungu kuti adzikhalire yekha Natani, ndipo nthaŵi idali itatha kale.

Mbiri ya Eklezia idziŵa mbali zonse ziŵiri za nkhaniyi. M'chaka cha 380 Mfumu Theodosius idalamula kuti chikhulupiriro cha ku Nicaea chikhale cha ufumu wonse wa Roma. Patapita zaka 10, asilikali ake atapha anthu zikwi zingapo ku Thessalonica, Ambrozio Woyera, episkopi wa ku Milan, adaikaniza Ukaristia kufikira italapa poyera. Izi zidatheka chifukwa episkopi sadali kalaliki wa mfumu. M'chaka cha 494 Papa Gelasius adalembera Mfumu Anastasius kuti dziko lilamulidwa ndi maudindo aŵiri osiyana, wa ansembe ndi wa mafumu. Koma tisadzinyenge. Pamene Charlemagne ankabatiza a Saxon ndi lupanga, padafunika Alcuin kuti akumbutse kuti chikhulupiriro sichikakamizidwa. Ankhondo a mtanda ataloŵa mu Yerusalemu m'chaka cha 1099 adapha Asilamu ndi Ayuda ambiri m'dzina la Khristu. Nchifukwa cha zotere kuti Papa Yohane Paulo Wachiŵiri, pa 12 March 2000, adapempha chikhululukiro kwa Mulungu poyera. Herbert adabwereka mau ambiri ku Chiarabu, koma nthenda imene akufotokoza siili ya chipembedzo chimodzi.

Kwa ife amene tikonzekera kapena tili kale pa ntchito yolalika, chiyeso chachikulu sichili pa mpando wa Paul, pakuti palibe mwa ife adzalamulire nyenyezi. Chili pa ntchito ya Missionaria Protectiva: kulankhula za Mulungu chifukwa mauwo amagwira ntchito, osati chifukwa ndi oona, kuphunzira miyambo ya anthu ndi zoŵaŵa zao kuti tipeze pogwirira, osati kuti tiwatumikire. Anthu osauka amakhulupirira ndi mtima wonse, ndipo amene aseŵera ndi chikhulupiriro chao adzafunsidwa mlandu wa zonse zimene chidzabale.

Mthenga Wabwino wa Yohane, pa mutu 6, utiuza kuti Ambuye Yesu atadyetsa khamu la anthu, iwo adafuna kumgwira kuti amlonge ufumu, koma Iye adachoka napita ku phiri yekha. Khamu lidalipo, njala idalipo, maulosi adalipo, ndipo adali oona. Paul Atreides adaima pa mphambano yonga yomweyo, akuona bwino lomwe kumene njira iliyonse ikupita, nasankha mpando wachifumu.