Phazi la Mkhalakale mu Mpira wa ku America

Mu mpira wa ku America, uja osewera amavala zipewa zolimba n'kumagundana, timu iliyonse ya mu ligi ya NFL imakhala ndi osewera 53, ndipo mmodzi mwa iwo amaweruka yunifolomu idakali yoyera. Amamutcha kicker. Anzake akalephera kufikitsa mpira kumapeto kwa bwalo, iyeyo ndiye amaitanidwa kuti aumenye udutse pamwamba pa mtengo wopingasa, pakati pa mizati iwiri. Akalowetsa ndi mapointi 3. Akaphonya, makamaka ngati imvi zayamba kuoneka, m'mawa mwake masapota amakhala atagamula kale kuti wakalamba, achoke. Ine ndikawerenga mbiri ya ntchitoyi ndimaona kuti matimu ambiri amene anathamangira kuwerenga zaka za munthu anadzinamiza okha.

Kale kunalibe munthu wolembedwa ntchito yomenya mpira yokha. Lou Groza, amene anayamba kusewera mu Cleveland Browns mu 1946, anali chimphona cha pamzere wakutsogolo, wogundana ndi anzake masewero onse, kumenyako kunali kongowonjezera. Ankabwerera m'mbuyo molunjika n'kuugunda mpirawo ndi nsonga ya nsapato. Msana utamuvuta anapuma mu 1960, koma chaka chotsatira anabwerera kudzamenya kokha, ndipo anapitiriza mpaka 1967, ali ndi zaka 43. Apa m'pamene zinayamba kuoneka kuti thupi likhoza kutopa ndi kugundana phazi lidakali lolunjika.

George Blanda ndiye amandisangalatsa koposa. Timu ya Houston Oilers inamutaya mu 1967 ali ndi zaka 39, Oakland Raiders n'kumutola. Mu 1970, bambo wa zaka 43 ameneyu anapulumutsa timu yake masabata asanu otsatizana, mwina poponya mpira, mwina pomenya. Ku Kansas City analowetsa wa mayadi 48 masewero akutha kuti afanane mphamvu; sabata yotsatira analowetsa wa mayadi opitirira 50 n'kugonjetsa Cleveland. Anasewera masizoni 26, n'kusiya ali ndi zaka 48. Oilers inataya munthu amene anali ndi masizoni ena 9 m'mwendo.

Chimene chinachotsadi akuluakulu ambiri pa ntchitoyi ndi kamenyedwe katsopano. Pete Gogolak, amene banja lake linathawa ku Hungary pambuyo pa zipolowe za 1956, analowa mu Buffalo Bills mu 1964 akuubwerera mpira cham'mbali n'kuumenya ndi pamwamba pa phazi, monga amachitira aliyense amene anakula ndi mpira wa miyendo. Mpira unkapita kutali, ndipo matimu anayamba kusaka anyamata a ku Ulaya. Mu 1974 ligi inasunthanso mizati mayadi 10 m'mbuyo, zimene zinavutitsa a miyendo yofooka. Omenya ndi nsonga anatha mmodzimmodzi. Mark Moseley wa ku Washington anakakamirabe mpaka anasankhidwa wosewera wopambana onse mu ligi mu 1982, koma pofika 1986 nayenso anamuchotsa, ndipo ndi iye amene anatseka mzere wa omenya mwachikale.

Nkhani ya Jan Stenerud imasokoneza mbali zonse za mkanganowu. Anachokera ku Norway kudzaphunzira ku Montana ngati katswiri wolumpha pa chipale chofewa, n'kudzakhala kicker wa Kansas City Chiefs kuyambira 1967. Mu 1980 timuyo inamuchotsa n'kutenga Nick Lowery, mnyamata amene matimu angapo anali atamukana. Stenerud anapita ku Green Bay, ndipo mu 1981 analowetsa 22 mwa mipira 24, chinthu chimene panthawiyo chinali chisanachitikepo. Ndiye Chiefs inalakwa? Ayi ndithu. Lowery anawatumikira mpaka 1993 ndipo anali mmodzi wa olunjika kwambiri a m'nthawi yake. Chiefs inali itamuona mnyamatayo akupikisana ndi mkuluyo pa maphunziro a timu, n'kusankha ikudziwa amene yagwira m'manja.

New Orleans Saints sinachite mwanzeru chotero. Chiyambire 1994 ligi inaika malire a ndalama zimene timu ingalipire osewera ake onse, ndipo mkhalakale wa malipiro okwera anasanduka malo osavuta kudulapo. Mu 1995 Saints inachotsa Morten Andersen wa ku Denmark atawamenyera zaka 13. Adani awo enieni, Atlanta Falcons, anamutenga msangamsanga, ndipo mu December chaka chomwecho analowetsa mipira itatu ya mayadi 50 kapena kuposerapo pa masewero amodzi, woyamba kutero, akusewera ndi Saints yomweyo. Mu 2006 Falcons inayesa kupatsa mnyamata mmodzi ntchito zonse zomenya, zinakanika, ndipo inakamutenganso Andersen ali ndi zaka 46. Sizoni yotsatira analowetsa 25 mwa 28.

Masapota saiwala mpira umodzi wophonyedwa. Gary Anderson, wobadwira ku Parys ku South Africa n'kukulira ku Durban, anali ndi zaka 39 pamene anamenya sizoni yonse ya 1998 mu Minnesota Vikings osaphonyako: 35 mwa 35, ndi mapointi owonjezera (omenyedwa timu ikafikitsa mpira kumapeto kwa bwalo) 59 mwa 59. Pa masewero olowera ku Super Bowl, fainolo ya ligi, anaphonya wa mayadi 38, ndipo amene anadzamaliza Vikings mu nthawi yowonjezera anali Morten Andersen uja. Mpaka lero dzina la Gary likatchulidwa ku Minnesota anthu amakumbuka umodziwo. Ine ndimati n'kupanda chilungamo, koma ndani anamvapo sapota woluza akuwerengera bwino?

Pali chimene ukalamba umalandadi: mphamvu yomenya mpira kutali poyambitsa masewero. Matimu anzeru anapeza njira. Indianapolis Colts, itatenga Adam Vinatieri mu 2006 pamene New England Patriots inamusiya ali ndi zaka 33, inadzapereka ntchito yoyambitsayo kwa Pat McAfee, mkuluyo n'kutsala ndi ya mapointi. Patriots nayo sinalire, chifukwa Stephen Gostkowski amene inamusankha chaka chomwecho anakhala nawo masizoni 14. Vinatieri anapitirira mpaka anakhala ndi mapointi 2,673, kuposa wina aliyense m'mbiri ya ligi.

Koma Colts yomweyo inadzachedwa. Mu 2015 ligi inatalikitsa mpira wa pointi yowonjezera kukhala wa mayadi 33, mtunda umene katswiri saganizira kawiri. Mu 2019 Vinatieri, wa zaka 46, bondo likumuvuta, anayamba kuphonya yomweyo kuyambira masewero oyamba. Wa mayadi 55 ukhoza kukanika aliyense, koma waufupi ukamathawa mizati sabata ndi sabata ndiye kuti mwendo sukumveranso mwini wake. Timuyo inamusunga chifukwa cha ulemu, ikuluza masewero osiyana mapointi ochepa. Anaphonya 8 mwa mipira 25 ndi mapointi owonjezera 6, mpaka mu December anamuika pa mndandanda wa ovulala. Sanasewerenso, ndipo analengeza kupuma kwake mu 2021.